Agalu Khumi ndi Atatu pa Njira ya ku Dibi

Chingwe chija ndinapota ndekha. Chinali cha khonje wa m'malire a munda wathu, ndipo ndinachipotera pantchafu masiku awiri mpaka khungu linafiira ngati ndathiridwa madzi otentha. Amayi anangondiuza kuti chikhale cholimba, osanena ntchito yake, choncho ine ndinkayesa n'chomangira mbuzi. Nditamaliza anachitenga n'kuchikoka ndi manja awiri kuti aone ngati chingaduke, kenaka anandibwezera maso ali kumbali. "Mawa umutenge Phulusa, ukamusiye kwa aphunzitsi kuphiri." Ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi, ndipo chibadwire ndinali ndisanawayankhepo amayi mokweza. Tsiku limenelo ndinatero, koma sizinasinthe kanthu.

Phulusa anali galu wa bambo, wamkulu, wotuwa ngati dzina lakelo, khutu limodzi loimirira lina logwa. Bambo atapita ku Joni kukafuna ntchito anatsala ndi ife. Mlandu umene amayi anamupatsa unali wa mazira, ati wayamba kuba m'khola la nkhuku, koma ine ndinali ndisanamuonepo ndi chigoba pakamwa. Chimene ndinkaona n'chakuti madzulo aliwonse ankatsetsereka kukagona pamphambano pamene matola amatsitsa anthu, mutu uli pamiyendo, n'kumadzuka galimoto iliyonse ikaima. Panali patapita zaka ziwiri akuchita zimenezi, ndipo mauthenga a bambo anali atasiya kufika. Pamjigo azimayi ankafunsa amayi akumwetulira, "Galu wanu uja akudikirabe?" Lero ndikudziwa kuti munthu angathe kupirira kusiyidwa, koma kuti kusiyidwa kwakoko kuzikagona pamsewu tsiku ndi tsiku mudzi wonse ukuona, imeneyo ndi nkhani ina. Nthawi imeneyo ndinkangolimbana ndi mlandu wa mazira.

Aphunzitsi anali mayi wachikulire amene anapuma ntchito ine ndisanayambe sukulu. Anaphunzitsa amayi, amalume, ndi theka la anthu amene tinkakhala nawo pa Misa. Ankakhala okha pamwamba pa mudzi, kumene minda imathera n'kuyamba mitengo ya paini, m'nyumba ya malata yozunguliridwa ndi mpanda wa nsungwi. Akuti zosunga agaluzi zinayamba ndi kagalu kamodzi kamene anakapeza m'thumba m'mbali mwa mtsinje. Mbiri itamveka, anthu anayamba kumangirira agalu pachipata chawo m'mamawa n'kuthawa. Aphunzitsi anaimirira m'tchalitchi pa nthawi ya zolengeza n'kuletsa zimenezo. "Galu si zinyalala zotaya kusanache. Bwerani masana, mundiuze dzina lake." Ankawaphikira phala la gaga m'theka la mgolo, n'kuponyamo kachewere wamng'onomng'ono amene ogula amakana. Ena ankati mutu wawo unasokonekera ndi choko, ena ankanong'ona zoipa kuposa pamenepo. Komabe munthu akasowa pogwira ndi galu wake, ankakwera phiri lomwelo.

Phulusa anakwera mosangalala, akuyesa tikupita kukakumba mbewa. Ndinamumangirira pamtengo wa pichesi m'kati mwa mpanda. Aphunzitsi anafunsa dzina lake, zimene amakonda, ndi ngati anayamba walumapo munthu. Za mazira sanafunse. Nditatembenuka Phulusa anayamba kubuma, ndipo kubumako kunanditsatira phiri lonse, kudutsa m'minda ya chimanga chouma, mpaka pakhomo pathu. Nditapitanso Lamulungu, anandiyang'ana kamodzi n'kulowa pansi pa nkhokwe. Ndinagwada, ndinamuitana, ndinamuonetsa mkute umene ndinabisa m'thumba la diresi. Anatembenuzira nkhope kukhoma. Amene anamumanga ndinali ine, ndipo iye ankadziwa zimenezo basi.

Sukulu itatsekera ndinkakwera tsiku lililonse, ndikunamizira kuwatungira madzi aphunzitsi. Inali miyezi ya chisanu, ndipo chaka chimenecho chisanucho chinakwiya. M'mawa udzu wa m'dambo unkachita mbuu ngati wawazidwa ufa, madzi a m'ndowa ankaluma mano, zala zakumapazi zinkang'ambika n'kumatuluka magazi popanda kumva kupweteka. Nkhungu inkatsika kuchokera m'mapaini n'kumeza nyumba ya aphunzitsi, moti ndinkayamba kumva fungo la phala la gaga ndi la ubweya wonyowa ndisanaone mpanda. Agalu analipo khumi ndi atatu. Ndinawadziwa onse mayina: Mudzaona, Zamwini, Taiga, Sindinena, Poizoni, ndi ena. Kwathu dzina la galu nthawi zambiri ndi mawu amene mwini wake walephera kumuuza mnansi pamaso, choncho aphunzitsi akamaitana chakudya zinkamveka ngati mudzi wonse ukukangana. Khumi ndi awiri ankandithamangira. Mmodzi ayi.

Kenaka kunabwera mavuto awiri sabata imodzi. Aphunzitsi anaterereka pamwala wa kuchitsime n'kuthyoka mwendo, ndipo anabwerako kuchipatala ali ndi chikhakha mpaka m'bondo. Lamulungu lake kunalengezedwa kuti kuseri kwa phiri galu wachiwewe waluma mwana. Agalu onse amangidwe. Lachisanu mlangizi wa ziweto adzakhala pa dibi ndi katemera, ndipo sabata yotsatira galu aliyense wopanda chiphaso adzawomberedwa, womangidwa ndi wosamangidwa yemwe. Mlangiziyo anali mmodzi, madibi anali ambiri, tsiku lathu linali limodzi lokhalo. Potuluka m'tchalitchi ndinamva abambo ena akuti, "Tsopano phiri lija lipuma." Sindikuwaweruza. Anali ndi ana, ndipo amene anaonapo munthu akufa ndi chiwewe sachita nacho nthabwala.

Dibi linali kumunsi, njira ya ku Bembeke, ulendo wa maola awiri munthu akamayenda yekha. Agalu aja ankamvera aphunzitsi okha, ndipo aphunzitsi sankatha kufika ngakhale pachipata. Amalume, amene anali ndi ngolo ndi mtima wofulumira, anati ntchito imeneyo ndi yamasewera, ayeserere Lolemba lomwelo. Anakweza agalu asanu. Ng'ombe zitangomva kuuwa kumbuyo kwake zinatukula michira n'kuliyatsa liwiro m'munda wa kabichi wa eni ake, agalu akudumpha uku ndi uku, amalume akulendewera pazingwe, chipewa chitatsala pamtengo. Anabwera akutsimphina, matope mpaka m'makutu. Aphunzitsi anaseka mpaka misozi, kenaka kusekako kunaduka. Anakhala pakhonde, mwendo uli pampando, akuyang'ana agalu awo mmodzimmodzi ngati akuitana mayina m'kalasi.

Nzeru inandibwerera masana a tsiku lomwelo. Munthu wina ankadutsa m'kanjira ka kumunsi kwa mpanda, osaoneka chifukwa cha nsungwi, ndipo anatsokomola. Mudzaona, galu wokalamba amene ankakhalira kugona, anadzambatuka n'kuthamangira kumpanda akulira ngati kamwana, mchira ukupukusa thupi lonse. Aphunzitsi anati, "Ndi mwini wake ameneyo. Amadzera njira imeneyi dala." Ndinafunsa kuti bwanji eni ake adzawatenge okha, aliyense wake, tsiku limodzi lokha. Aphunzitsi anapukusa mutu. "Munthu amene anasiya galu safuna kukumana naye maso," anatero. Komabe ananditchulira mayina ndi midzi, ndipo anandipatsa lamulo limodzi. "Usakawafunse chifukwa. Ukangowauza tsiku."

Sindinafunse aliyense, koma onse anandiuza. Ichi n'chimene chinandidabwitsa m'masiku atatu amene ndinayenda ndi mapazi ong'ambika aja. Ndinkati ndikangotchula dzina la galu, munthu wamkulu ankasiya khasu kapena lichero n'kuyamba kudzifotokoza kwa ine, kamtsikana kamamina m'mphuno, ngati ndine woweruza.

Mwini wa Mudzaona anali mkulu wina amene kale ankatsogolera uzimba. Maso ake anali atachita ng'ala, oyera ngati mkaka. Ndinawapeza akuwothera dzuwa pachulu. "Galu wosaka amafuna miyendo ya mbuye wake," anatero. "Ine ndinkangomukhazika pakhomo ngati mtondo. Ankandiyang'ana, ine osamuona, koma ndinkamva kuti akundiyang'ana." Anati sangathe kufika ku dibi ndi maso amenewo. Ndinawauza kuti Mudzaona akuona bwinobwino.

Mwini wa Zamwini anali mayi wachitsikana wa mwana kumsana. Galuyo anamulera yekha kuyambira ali kamwana, ankagona pakhomo la khitchini yake. Mwana atabadwa, tsiku lina anamuuwa khandalo lili pamphasa, ndipo apongozi ake anati m'nyumbamo musankhe, galu kapena mdzukulu wawo. "Sanamulume," anabwereza katatu, akuyang'ana kunyumba ya apongoziwo. "Anangodabwa naye."

Taiga anali wa bambo wa golosale ya pamsewu, Msilamu, amene ankatipatsa switi tikagula palafini. Galuyo ankalondera dimba lawo la tomato kudambo ndipo ankagona komweko m'kachisakasa. Atagulitsa dimbalo n'kusamukira kuseri kwa sitolo, bwalo linali laling'ono, lomwelo ndi lopemphererapo, ndipo kutsogolo kunali phula la malole. Anandimvetsera ali kuseri kwa kauntala, akupukuta sikelo imene inali yoyera kale. Pambuyo pake ndinadzamva kwa aphunzitsi kuti thumba la gaga limene linkapezeka pachipata mwezi uliwonse linkachokera kwa iwowa.

Wina chisanu chinamutenthera kachewere yense chaka chathacho, ndipo anati anafika poti akaponyera galu nkhoko, mwana ankayang'ana nkhokozo. Wina galu wake anagwira anapiye a mnansi ndipo nkhani inatsala pang'ono kupasula chibale. Wina anali atapeza nyumba ya lendi ku boma, ndipo mwini nyumba anakana nyama iliyonse ya miyendo inayi. Ine ndikukhala m'nyumba yotere lero, mu mzinda, ndipo mwana wanga akandipempha kagalu ndimamva mawu a anthu aja akutuluka m'kamwa mwanga. Ndili mwana ndinkaganiza kuti anthu amasiya agalu chifukwa chouma mtima. Woumadi mtima ndinapeza mmodzi yekha. Anandiseka n'kunena kuti galu ndi galu, chipolopolo chimuchitira chifundo. Eni a agalu awiri anali atamwalira, ndipo wina anasamukira kutali kosadziwika.

Anatsala munthu mmodzi, ndipo ndinamusiyira kumapeto ngakhale tinkagona nyumba imodzi. Lachinayi madzulo amayi ankasankha kachewere pabwalo, wamkulu uku wamng'ono uku, manja atada ndi dothi. Ndinawauza kuti Phulusa salola kuti ndimuyandikire ndi chingwe, kuti amalume atayesa anawaonetsa mano, kuti akatsala adzawomberedwa. Sanasiye kusankha. "Ogula akubwera mawa. Ukufuna ndisiye matumba ndizikayenda ndi galu pamsewu, anthu andione?" Ndinati ena onse avomera. Linali bodza, chifukwa palibe amene anavomera. Onse ankangoti aona.

Lachisanu ndinafika kuphiri nkhungu ili tolotolo, moti sindinkaona dzanja langa nditalitambasula. Aphunzitsi anali pakhonde atafunda bulangete, amalume atakhala pamwala akuuzira m'manja. Panalibenso wina. Tinadikira. Madontho ankagwa kuchokera m'masamba a pichesi, agalu akuyendayenda, ndipo ine ndinayamba kuganiza zoti ndinene aphunzitsi akandiyang'ana. Kenaka Taiga anaimika makutu.

Anayamba kutulukira ndi bambo wa golosale, atavala jekete pamwamba pa mkanjo, tcheni chachitali chatsopano chili m'manja. Pambuyo pawo mayi wa mwana kumsana, akupumira m'mwamba, atanamiza apongozi kuti akupita ndi mwana ku sikelo. Kenaka mkulu wa ng'ala uja, akufufuza njira ndi ndodo. Ankatuluka m'nkhungumo mmodzimmodzi, aliyense akudabwa kuona mnzake, kupatsana moni wapansipansi ngati anthu okumana pakhomo la sing'anga. Koma agalu alibe manyazi. Zamwini anadumphira mbuye wake mpaka kumugwetsa chokhala, mwana kumsana akuseka. Mudzaona analowetsa mutu pakati pa mawondo a mkulu uja n'kungoima phee, mkuluyo akumupapasa nkhope ndi manja onse awiri. Taiga anakhala pansi patsogolo pa bambo wa golosale, patali pang'ono monga anazolowera, mchira ukusesa dothi. Anthu anakwana asanu ndi atatu. Agalu anayi opanda eni tinagawana, amalume awiri, ine awiri ang'onoang'ono.

Phulusa anali pansi pa nkhokwe. Dzuwa linali litayamba kuboola nkhungu ndipo amalume anati tichedwa, mlangizi sadikira. Ndinagwada komweko ndikulira, ndikumuitana ndi mayina onse amene ndinkamutchula ali wamng'ono. Sanatembenuke. Aphunzitsi anati, "Pitani ndi khumi ndi awiriwo, mwanangu." Tinali titafika pachipata pamene tinamva mluzu kumunsi kwa mpanda, wautali kenaka iwiri yaifupi. Unali mluzu wa bambo, umene ankaitanira galu popita kumunda. Ndinayesa bambo abwera. Koma amene anatulukira anali amayi, chitenje chitanyowa ndi mame mpaka m'mawondo, dothi la kachewere likadali m'zikhadabo. Kwathu mkazi saimba mluzu, ndipo ine sindinkadziwa kuti amatha. Anaimbanso, pamaso pa anthu onsewo. Phulusa anatuluka pansi pa nkhokwe ngati mwala wa legeni. Sanawadumphire. Anafika n'kutsamira miyendo yawo ndi thupi lonse mpaka anadzandira. Amayi anawerama n'kumumanga, kenaka anayang'ana amalume. "Tikuimiranji?"

Ulendo umenewo anthu akuukambabe kwathu. Tinatsika mondondozana, amayi patsogolo ndi Phulusa, mkulu wa ng'ala pakati akukokedwa ndi Mudzaona amene ankaima yekha pamwala uliwonse kuti mbuye wake alambalale. Pamlatho wa mitengo Poizoni ndi Sindinena anagwirana, zingwe zinapiringizana, bambo wa anapiye uja anagwera m'madzi mpaka m'chiuno n'kutuluka akutukwana, tonse tikuseka. Kuchokera pamenepo manyazi anatha. Anthu anayamba kucheza, kufunsana kuti wanuyu munamupeza kuti, kuyamikirana agalu ngati ana. Tinadutsa pamjigo nthawi imene azimayi amadzaza. Zigubu zinasefukira, mjigo unasiya kulira. Wina anayamba kuseka koma anapeza akuseka yekha. Amayi sanafulumize mapazi ndipo sanaweramitse mutu. Anapereka moni kwa aliyense pomutchula dzina, mmodzimmodzi, mpaka onse anayankha. Ana a m'midzi anatitsatira akuwerenga mokweza, ndipo titafika pamsewu wa phula bambo wa golosale anaima pakati n'kukweza dzanja. Lole yodzaza kabichi inaima kuti agalu a aphunzitsi awoloke.

Tinafika pa dibi dzuwa litapendeka. Panali fungo la mankhwala a ng'ombe ndi ndowe zouma, anthu ambiri atapita kale. Mlangizi anali akumangirira bokosi lake la katemera panjinga yamoto. Atationa anagwira m'chiuno n'kuwerenga ndi chala, kenaka anamasulanso bokosilo osadandaula. Anali munthu wotopa, wa milomo yosweka ndi mphepo. Anatulutsa timakhadi ndi cholembera n'kufunsa funso limene palibe anali atalikonzekera. "Mwini wake ndani?"

Bambo wa golosale, amene anali woyamba, anayang'ana tcheni m'manja mwawo n'kunena kuti alembe aphunzitsi, ndiwo amamudyetsa. Koma mkulu wa ng'ala anagogoda ndodo pansi. "Mudzaona ndi wanga. Kuphiri akungosungidwa. Lembani ine." Mayi wa mwana kumsana naye anatchula dzina lake, motsitsa, kenaka analibwereza mokweza. Aliyense anayankha monga mtima wake unamuuzira, ndipo mlangizi ankalemba osafunsa zambiri. Agalu ankalira kamodzi jekeseni ikalowa n'kuiwala pompo.

Phulusa anali womaliza. Amayi anagwada n'kukulunga mutu wake m'chitenje chawo, akumulankhula zinthu zimene sindinamve. Jekeseni inalowa osagwedezeka n'komwe. Mlangizi atafunsa funso lake lija, ndinadikira kumva dzina la bambo. Amayi anandiloza ndi chibwano. "Lembani mwanayu. Ndi amene watisonkhanitsa tonsefe." Mlangizi anandifunsa dzina, ndinalitchula, ndipo analemba ndi zilembo zazikulu n'kudinda chidindo. Kanali koyamba dzina langa kulembedwa papepala la boma. Anandipatsa m'manja ine, osati amayi. Amalume anandinyamula n'kundikhazika paphewa ngati wagoletsa chigoli, anthu akuluakulu aja akuwomba m'manja, mayi wa mwana kumsana akuimba nthungululu. Ndili m'mwambamo ndinamva mphuno yozizira ikukhudza phazi langa long'ambika. Anali Phulusa. Ananyambita kamodzi kokha, koma kanakwana.

Sabata yotsatira anthu amfuti anakweradi phiri. Aphunzitsi anawalandira pakhonde, makhadi khumi ndi atatu atawayala patebulo ngati mayeso ochongedwa, ndipo anawaitanitsa agalu mmodzimmodzi ndi mayina kuti alendowo aone. Anthuwo anamwa tiyi n'kutsika. Kuphiri kwathu sikunalire mfuti. Agalu awiri anabwerera kwa eni ake mwezi womwewo: wa bambo wa chisanu uja, amene chaka chimenecho anakolola, ndi Mudzaona, chifukwa mkulu wa ng'ala anazindikira kuti wapeza maso. Enawo anatsala kwa aphunzitsi, Phulusa pamodzi nawo, koma pachipata panayamba kufika anthu masana, wina ndi gaga, wina ndi mafupa, wina chimanjamanja kudzangokhala pang'ono.

Komabe chimene chimandibwerera kawirikawiri ndi ulendo wobwerera kuchokera ku dibi. Gulu lonse linadzera njira yachidule, likuthamangira kukauza aphunzitsi, ndipo amalume anali atalonjeza tiyi wamkaka ndi mbatata yootcha. Ine ndinkafuna kukafika woyamba, khadi lili m'manja, kuti ndikaone nkhope ya aphunzitsi. Koma titafika pamphambano ya kudambo amayi anapatuka ndi Phulusa n'kundiuza kuti ndiwatsate. Njira imeneyo imazungulira madimba onse, ndi yotalika kawiri. Ankayenda pang'onopang'ono, kumulola galu kununkhiza chitsamba chilichonse. Pamwala wina waukulu m'mbali mwa mtsinje anakhala pansi, n'kuika mutu wa Phulusa pamiyendo pawo, n'kuyamba kumuchotsa nkhupakupa m'makutu. Ankachotsa imodzi, kuiphwanya pamwala ndi chikhadabo, kufunafuna ina. Zitatha anayambiranso khutu loyamba lija.

Dzuwa linkatsikira kumapiri a ku Mozambique, mphepo yozizira itayamba kukwera kuchokera m'madzi. Kumtunda ndinkamva phokoso la anthu akuseka ndi agalu akuuwa, chikondwerero changa chikuchitika ine kulibe. Ndinaponda pansi, ndinawakumbutsa za ogula kachewere, ndinati tiyi atha, ndinati mdima utipeza. Amayi anangoti, "Pang'ono pokha." Ndinakhala kumbali nditafufuma ndi mkwiyo, ndikuponya timiyala m'madzi, ndikudabwa kuti munthu wamkulu angatope bwanji chonchi ndi ulendo umene ine mwana ndinauyenda osamva kanthu. Ndinkayesa atopa.